Chipewa cha Mofati, chofiira ndi choyera

"Agogo, makhololo anu ayera, tizilombo sitikuonekanso. Mdzukulu uja mukamunyamule." Anatero anamwino m'mawa uja, ine ndili pabedi, zoluka zili m'manja. Nthungululu inatuluka yokha, lululu, wodi yonse ya chifuwa chachikulu kudzidzimuka! Ine Nabanda wa kwa Zulu, amene mpweya unkandithera pokwera bedi!

Koma ndiyambe poyambira. Zinali zaka zija matipate atangobwera. Chifuwa chinandiyamba mu Epulo, tikusankha fodya m'chigafa ku esiteti. Nyengo imeneyo aliyense amatsokomola, ndiye ndinati ndi fumbi la fodya, chidzatha fodya akapita ku okushoni. Fodya anapita, chifuwa chinatsala. Ndikagona thukuta, chakudya osachifuna, chitenje kuzungulira kawiri m'chiuno. Mu Juni ndinalavula magazi. Mwana wanga Lusiya, ali wotopa ndi pakati, anandigwira dzanja: "Amayi, fodya wanji wotulutsa magazi?" Mkamwini anandikweza panjinga.

Kuchipatala cha paboma anandipatsa timabotolo tolavuliramo. Adokotala anati, "Ndi TB. Mugona kuno miyezi iwiri, ndipo khanda likabadwa musaliyandikire mpaka makhololo atayera." Jakisoni wa m'mawa uliwonse ndinapirira, mapiritsi odzaza dzanja ndinameza. Koma mawu a khandawo ndiwo anandilasa. Mofati anabadwa ine kulibe. Kumusambitsa ena, kumutulutsa m'chikuta ena. Ndinatembenukira kukhoma, ndinati basi, andiiwala.

Pabedi loyandikana nalo panali aNaphiri a kwa Dambe, oonda ngati bango koma manja osapuma, akuluka ndi masipoko a njinga. Anandigwedeza: "Anzanga, misozi sifunditsa mwana. Kuzizira kwa Mchinji kuno, liwombo lake mwaliganizira?" Mkamwini anatibweretsera majuzi awiri a pakaunjika, yofiira ndi yoyera, tinamasula ulusi woti tilukire mwana chipewa. Ine kuyesa mutu wa mwana pa lalanje, iwo kuseka mpaka kutsamwa: "Mwana akudikirani inu kuti akule? Yesani pa papaya!"

Ndiye anandiphunzitsa kalukidwe kawo. "Mukamaluka ndi ulusi wofiira, mukafika pa mfundo yoyera musailuke. Ingoiwolotsani, ipite pa sipoko inayo." Ine ndinati itayika. "Siitayika ayi. Yangowoloka, ikudikira ulusi wake. Woyera ukabwera ilukidwa, ndipo imeneyo ndiyo idzaoneke yaitali, yokongola. Inunso simunatayike, angokuwolotsani."

Luka, wolotsa, luka, wolotsa! Ndinaiyesa nyimbo pamzere wa jakisoni, ndinaiyesa nyimbo podikira adokotala. Toyera tinayamba kutuluka pa chofiira ngati mawanga a nkhanga.

ANaphiri anafika kuchipatala mochedwa, nawonso ankanamizira fodya. Chipewa chisanatsekedwe pamwamba, bedi lawo linatsala lokha. Pamwambapo ndinatseka ndekha.

Nditatuluka ndinachichapa, ndinachiyanika padzuwa monga anandiuzira anamwino. Lusiya anagwada, anandiika mwana pamiyendo: "Agogo ako awa, uwaone." Kulemera kwakeko, kufunda kwakeko! Ndinamuveka chipewa chija. Chinakwana, anthu inu, ndendende papaya!

Mankhwala otsala ndinamwera kunyumba mpaka kumaliza, osadumpha tsiku. Lero ndimalima mtedza wanga, ndimayenda wapansi kukapemphera ku Guilleme, mpweya uli tho. Inu a m'zigafa, chifuwa chikakana kutha musanamizire fodya. Pitani msanga, akakuyezeni makhololo.

Ndipo tsiku lija ndinanyamula Mofati, pabwalo panga fumbi linakwera! Anabwera achimwene anga aLazalo ndi akazi awo aNazulu, anabwera aNambewe a kwaya ndi chisekese chawo, aTembo a pachigayo ufa uli mbuu, Veronika ndi mapasa ake, mkamwini wanga Filipo wa njinga ija, Lusiya wanga akuseka akulira. Ndi aNaphiri a kwa Dambe analipo, ofiira ndi oyera, pamutu pa Mofati.