Inki pa chala cha abambo

Lero ku ofesi andidinditsa chala pa fomu, ndipo fungo la inki landibwezera kwathu kwa Maganga.

Abambo anali osaona. Tsiku lina kunabwera mlembi wa boma pa njinga yamoto, kudzalemba anthu olumala osauka kuti azilandira thandizo. Anagwira chala chachikulu cha abambo, n'kuchinyika mu inki yabuluu, n'kuchidinda papepala.

"Mudikire, bambo. Akavomereza, tidzakuuzani."

Ine ndinkaganiza kuti inkiyo ikangofufutika, dzina lawonso lifufutika m'buku la boma. Choncho akamakasamba ndinkawamanga chalacho ndi kajumbo ka shuga. Koma ntchito yawo inali yoluka mikeka, ndipo mlaza unapala inki yonse. Ndinayamba kuthyola mabolopeni anga akusukulu, n'kumawapaka inki yake pachalapo.

"Ikadalipo, mwana wanga?" ankandifunsa.

"Ikadalipo, ababa."

Mpunga tinakolola kawiri, mlembi uja osabweranso. Abambo atamwalira, osambitsa maliro anadabwa ndi chala chabuluucho.

Pano ndimadziwa kuti iwo anali atasiya kalekale kudikira. Chalacho ankangochitambasula chifukwa cha ine.