Tsiku Limene Tinafula Chikopa

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene bambo anapita kumigodi ya ku Joni. Tinkakhala m'mudzi wina kuseri kwa Mitundu. Atatsala pang'ono kunyamuka, anandisiyira kadengu kovindikira ndi chiguduli. M'katimo munali tiana tiwiri ta mbira, tonse tamphongo, tobadwa mimba imodzi. Kofiirira ndinakatcha Chikopa, chifukwa kankafanana ndi fodya wa chikopa amene tinkalima. Koyera ndinakatcha Thonje.

Ndinazimangira khola la zidutswa za njerwa pakona ya khitchini, n'kuikamo mphika wosweka kuti zizibisalamo. Ndikaweruka kusukulu ndinkathyola kholowa kudimba, kenako ndinkagona chafufumimba pafupi ndi kholalo. Dzuwa linkalowa m'mipata ya denga, utsi wotsala n'kumayandama pang'onopang'ono m'kuwalako. Mbirazo zinkalira ngati kamluzu, ndipo ine ndinkaganiza kuti kamluzuko kamalowa m'nthaka, kamayenda pansi pa minda ndi mitsinje mpaka kukafika kumene bambo ankakumba. Nthawi zina ndinkagona tulo pomwepo.

Zitakula, zinthu zinasintha. Chikopa anayamba kukukuta mano, kuyenda modzigwedeza, akulira chapansipansi ngati galimoto yakutali. M'mawa wina ndinapeza khutu la Thonje litang'ambika, magazi ataumira paubweya woyera uja.

Sabata yomweyo kunabwera amalume a Yotamu, alongo awo a amayi, ochokera ku Nathenje. Anabwera panjinga kudzagula mbuzi pamsika, khadi la chipani likusuzumira m'thumba la malaya. Iwowa ankadziwika ndi kufula mbuzi, ndipo ine ndinali nditaonapo tonde wolusa akufatsa atadutsa m'manja mwawo. Ndinawapempha kuti afule Chikopa.

"Mbira si mbuzi, mwana iwe," anatero amalume. "Kanyama kochepa chonchi kakhoza kutifera m'manja. Ndiponso sindikudziwa ngati ndewu ithe."

Ndinalira masana onse mpaka anavomera. Anawiritsa lezala, n'kusungunula mchere m'madzi. Wogwira Chikopa ndinali ine. Anabwera yekha m'manja mwanga poganiza kuti ndamubweretsera chakudya. Mtima wake unkagunda pachikhatho changa mofulumira kwambiri moti sindikanatha kuwerenga. Analira kamodzi kokha, kulira kumene ndinali ndisanamvepo.

Kwa masiku atatu sanadye. Anangokhala m'kadengu kaja, ubweya utaimirira, maso ali theka. Ndinkamudonthezera madzi ndi kaudzu, ndikupemphera chamumtima. Tsiku lachinayi anakoka tsamba la kholowa, ndipo ndinathamanga kukauza amayi kumunda.

Bala litapola, patatha milungu ingapo, ndinamubwezera m'khola. Ndinkayembekezera kuti agona pambali pa mbale wake ngati kale. Asanathe n'kununkhizana komwe, mano anayamba kukukutika, ndipo awiriwo anakulungana m'fumbi. Ulendo uno onse anatuluka magazi.

Amayi anazilekanitsa ndi lichero. Mawa lake sanapite kumunda. Anakhala nane pafupi ndi khola, tinazibwezeramo, n'kungoyang'ana.

"Taona bwino, Esinala," anatero amayi. "Zikuyambanirana pati?"

Ndinayang'ana nthawi yaitali. Zinkayambana pakhomo la mphika uja, pamene pankakwana imodzi yokha, ndiponso pamulu wa kholowa umene ndinkauika malo amodzi. Khola limene ndinamangira tiana linali lomwelo, koma eni ake anali atakula kawiri.

Tinalikulitsa mpaka kufika pakhoma linalo. Amayi analuka kampanda ka bango n'kukaimika pakati, mbali iliyonse mphika wake ndi mulu wake. Magazi sanaonekenso. Masana mbirazo zinkagona motsamira bango lomwelo, iyi uku inayo uko, mphuno zikukhudzana pampata. Nthawi zina Chikopa ankakukutabe mano, Thonje n'kuyankha, kenako aliyense n'kubwerera ku chakudya chake.

Ndili wamkulu ndinamva kwa alangizi a ziweto kuti kufula mbira kumangoiletsa kubereka, khalidwe lake silisintha. Sindinadabwe. Chimene ndimachimvetsa tsopano n'chakuti ndinaona magazi, ndinachita mantha, n'kuthamangira chinthu chimene sichibwezeka, pamene kukhala pansi m'mawa umodzi ndi kuyang'ana kukanakwanira. Amalume anandiuza poyera kuti sakudziwa, koma ine ndinangomva zimene ndinkafuna.

Chikopa anakhala nafe zaka zina zinayi, wonenepa, wa ubweya wosalala. Ankadya m'manja mwa amayi, ankadya m'manja mwa ana apafupi. Koma ine ndikangowerama pakhola, ankalowa mumphika mwake n'kudikira kuti ndichoke.