Nkhunda ya Enoch Ramsbottom

Ine ndi Enoch Ramsbottom tinaluka nsalu moyandikana zaka makumi awiri m'fakitale ina kuno ku Lancashire, ku Mangalande. Enoch mpira sankautha ngakhale pang'ono, koma chaka chimene ligi ya mpira inayamba, mu 1888, msewu wathu wonse unkadalira iyeyo.

Enoch ankaweta nkhunda kuseri kwa nyumba. Timu yathu ikamasewera koyenda, Loweruka masana ankangoweruka, kuika nkhunda imodzi m'dengu, n'kuthamangira sitima. Mpira ukatha ankalemba zigoli pakapepala, kukamangirira kumwendo kwa mbalameyo, n'kuiulutsa. Ife tinkadikira pakhomo pake, maso kumwamba, kuti ikatera mkazi wake Tabitha atiwerengere.

Loweruka lina mu Novembala tinaima pamvula mpaka makosi kuuma, nkhunda osabwera. Madzulo Enoch anatulukira, dengu lili m'manja, mbalame ili phee m'katimo ikujompha chimanga.

"Iwe, watinyowetsa dala eti?" ndinamukalipira.

"Atikwapula zisanu kwa duu," anatero.

"Nanga osatumiza bwanji?"

"Imeneyi ndinaidyetsa ndi pakamwa panga ili kamwana. Iuluke mtunda wonsewo pamphepo kudzakuuzani zimenezo? Ayi, zoipa ndimanyamula ndekha."

Tinazolowera. Kumwamba kukakhala zii, aliyense ankangolowa m'nyumba kukamwa tiyi osafunsa. Enoch anakalamba bwinobwino, adzukulu ali mbwee pakhola la nkhundapo. Anamwalira kalekale, koma mpaka lero mumsewu mwathu munthu akaona nkhunda ikutera padenga amayamba wamwetulira, chifukwa chake n'kuchikumbukira pambuyo.