Sokosi M'kamwa mwa Lipenga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinapatsidwa lipenga kusukulu, chaka chitangotha chifikireni ku Birmingham. Sukulu yathu inali ndi bandi yoguba, ya ana oliza zoimbira akuyenda m'mizere pabwalo la mpira, atavala majekete ofiira ndi zipewa za nthenga. Ndisaname, ndinalowamo chifukwa cha jekete. Lipengalo ndinadzalikonda pambuyo pake.

Tinkakhala ku Lozells, m'nyumba zogundizana zipupa, zoti mnansi akatsokomola umadziwa kuti chifuwa chamuyambanso. Ine ndi amayi tinali ndi chipinda cham'mwamba. Chipinda choyandikana nacho munkagona Anti Misozi, mayi wa ku Chipata amene ankagwira ntchito ndi amayi kunyumba yosamalira okalamba. Anti ankagwira usiku n'kumagona masana, nthawi yomwe ine ndinkafika kuchokera kusukulu ndi lipenga langa. Lamulo la amayi linali limodzi, ndipo ankalinena monong'ona: "Pang'onopang'ono, Tiya. Kuno n'kwa eni." Chitseko tinkatseka ndi manja awiri. M'basi sitinkaseka mokweza. Amayi amene ku Ndirande ankandiitana ali pakhonde ine n'kuwamva ndili kumpopi, kuno ankalankhula ngati ali pamaliro.

Choncho ndinapeza nzeru yanga. Ndinkatenga sokosi zaubweya n'kuzikanikizira m'kamwa mwa lipenga, n'kukhala pansi pakati pa bedi ndi wodilopu. Fungo la mafuta opaka m'mabatani a lipenga linkasakanikirana ndi la sokosi, mawu n'kumatuluka ochepa ngati a udzudzu. Zala zinaphunzira msanga. Milomo inaphunzira kusalaza nyimbo. Koma chifuwa sichinaphunzire kanthu, chifukwa sindinachipatse ntchito ngakhale tsiku limodzi.

Kusukulu zimenezi sizinkaoneka. Pagulu ndinkabisala m'mawu a anzanga. Ndipo aphunzitsi athu a nyimbo, a Hollis, atamva kusalala kwa kalizidwe kanga, anandipatsa gawo loliza ndekha pakati pa chionetsero chathu, pamene bandi yonse imakhala chete. Aliyense woliza yekha ankapatsidwa maikolofoni. Yanga inali kakang'ono kopanira pamlomo wa lipenga, ndi kabokosi kokoleka palamba kotumiza mawu popanda waya ku masipika oikidwa kutsogolo kwa bwalo. Pambali pankakhala bambo wina, kholo la mnzathu, pathebulo lodzaza ndi timabatani. Iyeyo akangokankha kabatani kamodzi ndi chala, udzudzu wanga unkadzaza bwalo lonse.

Ndinayamba kudzimva. Ndinkayenda monyang'wa ndi kabokosi kaja ngakhale nthawi yopuma, kuti aliyense akaone. A Hollis anali ndi makutu, ndipo anandichenjeza kangapo m'Chingerezi chawo chofatsa kuti ndidzaze bwalo ndi mpweya wanga, maikolofoni ingondithandiza pang'ono. Ndinkagwedeza mutu mwaulemu, monga mwana woleredwa bwino. Mumtima ndinkati, ndivutikirenji pamene magetsi alipo?

Mpikisano waukulu unali Loweruka lina nyengo yozizira itayamba, kubwalo lina cha ku Dudley. Amayi anali asanandimvepo ndikuliza lipenga lotsegula. Zimene ankadziwa zinali kulira kwa sokosi kuseri kwa bedi. Kuti apezeke tsikulo anapempha mnzawo kuti asinthane masiku a ntchito, zimene zinawaphonyetsa tchalitchi masabata awiri, ndipo kwa amayi anga imeneyo sinali nkhani yaing'ono. Anaitananso amayi atatu a kumpingo. Ndinawamva pafoni akuti, "Mudzabwere mudzamve mwana wanga, wapatsidwa solo." Mawu awo anakwera tsiku limenelo mpaka anadzigwira okha pakamwa.

Tsoka silinunkha. Tinalowa m'bwalo kukugwa kamvula kowaza, mphepo ikuweramitsa nthenga za zipewa zathu. Gawo loyamba linayenda bwino. Kenako ng'oma zinaleka, anzanga onse anagwada bondo limodzi monga tinakonzera, ine n'kupita patsogolo ndekha. Sindinadziwe kuti madzi anali atalowa polumikizira mawaya, magetsi onse n'kuthima. Ndinakweza lipenga, ndinauzira monga mwa masiku onse.

Ndinadzimva ndekha basi. Masipika anali zii. Mphepo inkatenga timawu tanga tisanafike ngakhale pamzere woyera wa m'mbali mwa bwalo. Ndinaona bambo wa pathebulo uja akukoka mawaya uku ndi uku. Ndinati ndiuzire ndi mphamvu zonse. Lipenga linang'ambika mawu ngati tambala wamng'ono amene akuyamba kumene kulira. Wina pagulu la oonerera anaseka. Ndinabwerera ku timawu tanga tija n'kumaliza gawo lonse, anthu mazana akundiyang'ana masaya.

Chimene sindidzaiwala si kusekako ayi. Pamene ndinkauzira, maso anga anapeza amayi. Anali ataimirira pakati pa anthu okhala, chitenje atachimanga pamwamba pa jasi, thupi litapendekera kutsogolo, dzanja lili kuseri kwa khutu. Amayi a kumpingo aja anali atakonzekera nthungululu, koma anatsitsa manja mmodzimmodzi. Ndinachita manyazi oti ndinkalakalaka nthaka itang'ambika.

Pambuyo panga panali gawo la mnyamata wina woliza lipenga lalitali lokoka. Yakenso maikolofoni inali yakufa. Koma iye anamveka mpaka kumene oweruza anakhala, pamwamba penipeni. Ndiye anzanga atandizungulira pomaliza n'kumati si vuto langa, ndi la magetsi, ndinkadziwa kuti akungondipepesa. A Hollis anangondichotsa kabokosi kaja palamba n'kukapukuta ndi mpango.

Pobwerera, ine ndi amayi tinakhala pampando wakumbuyo m'basi, mawindo atachita nthunzi. Ndinkadikira kukalipiridwa. Ndinkakufuna ndithu, kuti mwina mtima upepuke.

"Iweyo unkadzimva?" anafunsa amayi patapita nthawi.

"Yes, Mum."

"Ine ndimangoona masaya akutupa. Ndinaswapa shift kuti ndidzaone masaya?"

Ndinayang'ana pansi, misozi ikugwera pajekete lofiira lija. Tinadutsa malo okwerera angapo. Amayi atayambanso kulankhula, mawu awo anali ena.

"Sokosi zija ndinkaziona," anatero. "Ndinkati mwana wanga ali ndi ulemu."

Mawa lake anali pantchito ya m'mawa. Atabwerako madzulo sanavule n'komwe yunifolomu. Anandiuza kuti nditenge lipenga, ndipo tinayenda mpaka kupaki ya ku Handsworth. Kunali kozizira, udzu wonyowa, anthu ochepa oyendetsa agalu. Anandiimika pansi pa mtengo, iwo n'kumapita. Anayenda, anayenda, mpaka anaoneka aang'ono kutsidya kwa bwalo. Kenako anatembenuka n'kufuula, mawu aja a ku Ndirande amene ndinali nditawaiwala: "Liza, Tiyamike! Liza ndimve!"

Mzungu wina woyendetsa galu anacheuka. Ndinafuna kubisala kuseri kwa mtengo. Koma amayi sanamuyang'ane n'komwe. Ndinaliza, ndipo zinatuluka zonyansa, zong'ambika. Anapukusa mutu n'kubwerera m'mbuyo mapazi ena. Ndinalizanso mpaka milomo inachita dzanzi, m'mimba mukupweteka malo amene sindinkadziwa kuti alipo. Kutatsala pang'ono kuda, anakweza dzanja m'mwamba. Tinabwerera kupakiko masiku ambiri nyengo yonse yozizira ija.

Gawo loliza ndekha sindinapatsidwenso. Chaka chotsatira linapita kwa mtsikana wina, ndipo ankaliyenera. Amayi a kumpingo aja sanandimvepo mpaka lero.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti nkhope imene amayi anali nayo m'basi muja inali ya munthu wochita manyazi ndi mwana wake. Ndazindikira mochedwa, nditakula n'kuyamba kudzigwira ndekha ndikutsitsa mawu pamisonkhano ya kuntchito popanda wondiuza. Ulesi wodalira magetsi unali wanga, sindikana. Koma amayi ankadziwa amene anandiphunzitsa kunong'ona, ndipo ankadziwanso chimene chinawaphunzitsa iwowo. Manyazi tinawasenza awiri tsiku lija, ndipo awo anali olemera kuposa anga. N'chifukwa chake mayi wotopa, wongoweruka kumene kosambitsa okalamba, anakaima pakati pa paki ya eni n'kufuula dzina langa lonse.