Thirakitala Yobangula pa Maliro ku Bangwe

Agogo amene anandilera amadana ndi phokoso. Thirakitala ya abwana anga ndinkaisunga pakhomo pathu ku Bangwe, choncho ikafuna kuwotcha mwaye wa m'fyuluta yake ya utsi, zomwe zimachititsa injini kubangula, ndinkadina batani loiletsa. Ndinatero kwa milungu ingapo osauza munthu.

Tsiku lina kunagwa maliro a mnansi wathu, ndipo chifukwa cha matope anapempha kuti bokosi likwere ngolo ya thirakitalayo. Nditangofika pasiwa, injini inafooka, nyali yofiira n'kuyaka. Ndinaimbira makaniko wa kukampani kumene abwana anaigula.

"Achimwene, fyulutayo mwaitsamwitsa nokha," anatero. "Dinani batani linalo, ibangule mpaka imalize. Mukazimitsa, siyendanso mpaka tibwere ndi kompyuta Lolemba."

Inayamba kubangula abusa ali pakati pa ulaliki. Mkulu wa mpingo anandithamangira.

"Iwe, ulibe mwambo? Zimitsa chinthucho!"

Ndinangowapatsa foni kuti amve okha kwa makaniko. Anamvetsera kwa kanthawi, nayang'ana chitunda chamatope chopita kumanda, akusisita phewa lawo. Kenaka anandibwezera foniyo ndi manja awiri, n'kupita kukanong'oneza abusa kuti akweze mawu.