Chitoliro Chimene Chinasankhidwa ndi Phesi

Amuna anga anayamba kuimba tenolo ku tchalitchi kwathu ku Chidzolomondo tisanakwatirane. Tenolo ndi mawu a amuna apakatikati aja, osagunda pansi, osakweranso ngati athu akazi. Pa nkhani ya nyimbo munthuyo anali wovuta. Kumunda mukhoza kupalira mokhotakhota, sanena kanthu, koma mungochedwa kulowa pa ndime, ankakutembenukirani pamaso pa gulu lonse: "Amayi, mwachedwa." Ine mkazi wawo ndiye ndinkadzudzulidwa koposa onse, ndipo ndinkawabwezera panjira mpaka kukafika pakhomo.

Kenako pakhosi pawo panayamba kuwawa. Anapita ku Tete kawiri, madokotala anagwira ntchito yawo, moyo unatsala, koma mawu sanabwerere nawo. Anatsala ndi kanong'onong'o koti uyambe waimitsa kusinja kuti umve. Poyamba ankapitabe ku mapemphero, n'kumakhala kumbuyo. Tsiku lina a tenolo anasochera pakati pa nyimbo, iwo n'kutsegula pakamwa kuti awawongole, palibe chinatuluka. Lamulungu lotsatira anati mwendo ukuwawa. Linalo anati fodya akufunika kumuona. Chaka chinatha choncho, munthu ali pakhonde, kumangosema mipini yoti palibe wawapempha.

Inenso ndinasiya kuimba pakhomo. Ine amene ndinkaimba potsuka mbale, poanika zovala, ngakhale pokalipira mbuzi! Ndinkaopa kuwalasa pabala. Nyumba inati zii, ndipo ndinkachita mantha kuti munthuyu azilala ndikumuona chonchi.

Ndiye kunali ukwati wa mwana wa mchemwali wanga ku Furancungo. Pakati pa mwambo anaimirira bambo ena achikulire, amene anaphunzitsa nyimbo m'mashikola mpaka kupuma, ndipo anthu onse ankangowatchula kuti apulofesolo. Anali atagwira chitoliro chachitali, chotalika kuposa munsi wa kamtondo kotibulira nsinjiro. Ine ndinkadziwa zitoliro za nsungwi za abusa, zolira mokwera ngati mbalame, ndiye ndinakonzekera kutseka makutu. Koma mawu amene anatuluka, Ambuye! Anali otsika, ofunda, ngati munthu wamkulu akung'ung'udza nyimbo atatseka pakamwa. Tsitsi linandinyawanyawa. Ndinaiwala mkwatibwi, ndinaiwala mkwati, m'maganizo ndinangoona nkhope ya amuna anga.

Titatuluka ndinawatsekereza apulofesolowo pakhomo osachita manyazi. Anandiuza kuti Achipwitikizi amachitcha fulauta dose, chitoliro chokoma, ndipo chilipo chamisinkhu yosiyanasiyana. Chimene anaimbacho dzina lake ndi tenolo. Dzina lomwelo la mawu a amuna anga! Ndinawafotokozera zonse, ndinawauzanso kuti abambo a kwathu anakulira ku Tsangano akuweta ng'ombe za atate awo, ndipo chitoliro cha nsungwi ankachidziwa. Apulofesolo anati: "Ndili nazo zingapo zikungogona m'bokosi, ine mpweya ukuchepa. Chimodzi mukhoza kutenga. Koma mayi, mubwere ndi mwini wake. Chachikuluchi sichilola dzanja lililonse, chimayesedwa ngati nsapato."

Mwini wakeyo anakana. Ananong'ona kuti sangakwere mota, njinga yamoto ija, ulendo wonsewo kukasekedwa ndi anthu a pa boma. Ndinanyengerera, ndinakalipa, ndinakhala masiku awiri osawayankhula, zimene kwa iwo mwina zinali mpumulo. Tsiku lachitatu ndinakumbukira mawu a nsapato aja. Kwathu kuno munthu akamapita ku msika wakutali, sanyamula ana onse kuti akayese nsapato. Amadula kamtengo kofanana ndi phazi la mwana aliyense, n'kukayeserako. Ndinapita kumunda, ndinasankha phesi la chimanga lonenepa, lowongoka bwino. Ndinakanda mwaye kunsi kwa mphika, ndinasakaniza ndi timafuta.

"Bweretsani manja," ndinatero.

Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anadziwa kuti sindichoka. Ndinawapaka mwaye kunsonga za zala, ndinawauza kuti agwire phesi mmene ankagwirira chitoliro kubusa, atambasule zala mpaka pamene zayamba kuwawa. Za kumanzere zinakhala bwinobwino. Za kumanja zitatu zinatsatira, koma kachala kakang'ono kanakana. Kanathyoka kalekale ndi chingwe cha goli ali mnyamata, n'kupola kali kokhota, ndipo kanasiya kadontho kake pafupi kwambiri ndi kanzake. Iwo anakaloza ndi mlomo, ananong'ona kuti: "Mwaonatu. Musavutike." Ine ndinakulunga phesi langa m'chitenje.

Wa mota anandiseka njira yonse, ati kodi ku Furancungo nkhuni zatha? Ndinamuuza kuti ayang'ane mabampu, asayang'ane katundu wa eni.

Apulofesolo sanaseke. Analandira phesi lija ndi manja awiri, analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati: "Epa! Zaka zonsezi ndaphunzitsa, palibe anandibweretserapo dzanja la munthu chonchi." Anayala nsalu patebulo, anatulutsa zitoliro zitatu, chilichonse chili m'zidutswa zitatu: mutu, thunthu ndi phazi. Polumikiza ankapotoza pang'onopang'ono, osakankha.

Choyamba chinali cha mtengo woyera, koma chinali ndi mng'alu pamutu. Anati mwana wina wa shikola anachiona chanyowa mkati ataimba, n'kuchianika padzuwa pamodzi ndi nyemba. Mtengo unauma mothamanga, unang'aluka. "Ichi chinafa," anatero, "koma chitithandiza kuona zam'kati." Analowetsa kamtengo kunsi kwa mutuwo, anagogoda pang'ono, ndipo pakamwa panatuluka kachipika kofiirira, konunkhira bwino. Anati kachipikako n'ka mtengo wina, wa mkungudza, umene umamwa chinyontho cha mpweya wa munthu koma osafufuma kwambiri. Pamwamba pake anandionetsa kanjira ka mpweya, kopyapyala moti tsamba la fodya lingadutse movutikira. Mpweya ukatuluka m'kanjirako umakagunda pa kamlomo kakuthwa kali pa kawindo, n'kugawika pawiri, wina kunja wina mkati. Mawu onse amabadwira pamenepo. Ine ndinatambasula chala kuti ndikhudze kamlomoko, iwo anandigwira dzanja msanga. Anati chikhadabo chikangokanda pamenepo, chitoliro chimasasa mawu mpaka kalekale.

Kusasa mawu! Ndinabweza dzanja langa. Sindinkadziwa kuti mtengonso ungakhale ndi pakhosi.

Anandiuza kuti ndisuzumire m'thunthu moloza kuwala. Ndinkayesa kuti ndi dzenje wamba ngati la nsungwi. Ayi ndithu. Linali lotakata kumtunda, n'kumachepa pang'onopang'ono potsikira kuphazi, losalala lonyezimira. Mabowo a zala sanali ofanana, ena aakulu ena aang'ono, ena obooledwa mopendeka kuti kunja akhale pamene chala chingafike koma mkati akathere pamene mawu akufuna. Ndinaganiza za munthu amene anakhala pansi n'kulingalira zonsezi. Anayesa kangati? Anataya mitengo ingati? Ine ndinakulira pakati pa amisiri a mitondo ndi mipini, koma sindinaonepo ntchito ya manja yobisika chonchi, yoti ukongola wake uli kumene diso silifika.

Chachiwiri ndicho chinandilanda nzeru. Chinali chakuda bii, cholemera m'manja, chozizira. Apulofesolo anachilandira kwa wansembe wina wokalamba amene anabwera nacho kuchokera ku Ulaya. "Mukuudziwa mtengowu, mayi?" Ndinati ayi. Anati: "Ndi phingo. Wa konkuno ku Mozambique. Anaudula m'tchire lathu, unawoloka nyanja uli chipika, amisiri anauumitsa zaka, anaubowola, n'kubwerera kwawo ukuimba." Aa! Phingo yemweyu, amene amuna anga amadandaula kuti amabunthitsa nkhwangwa? Ataimba pang'ono, mawu ake ndinawamva m'chifuwa mwangamu.

Chachitatu sindinachiyang'ane n'komwe. Chinali cha pulasitiku, chabulauni ndi mikombero yoyera, ndipo chakumunsi chinali ndi tizitsulo tiwiri. Ine ndinati: "Pulasitiku ndili nayo kwathu, ndimatungira madzi. Amuna anga ndi munthu wa mitengo. Ndatenga chakudachi."

Apulofesolo sanakane. Anangondiuza zimene chakudacho chimafuna: kuimbidwa pang'onopang'ono masiku oyamba chifukwa chagona nthawi yaitali, kupukutidwa mkati, kudzozedwa mafuta, kusungidwa kutali ndi moto ndi dzuwa. Zonsezo ndinavomera, ndinalera ana asanu ine. Kenako anati: "Tsopano timufunse mwini wake." Anatenga phesi lija, analigoneka pambali pa chitoliro chakuda.

Madontho atatu a kumanzere anagwirizana ndi mabowo. Atatu a kumanja anaperewera pang'ono, koma zoti munthu angazolowere. Kadontho komaliza kaja kanathera kutali ndi bowo lake, mpata woti chala changa chimodzi n'kulowapo. Ndinatembenuza phesi, ndinalisendeza, ndinati mwina mwaye unafufutika panjira. Apulofesolo anandisiya ndivutike, kenako ananena mofatsa kuti bowo lomalizalo ndilo limatulutsa mawu otsikitsitsa. Munthu wosalifikira amaimba nyimbo, koma ikatsikira pansi amaima, n'kudikira anzake.

Amuna anga anali atadikira kale chaka chathunthu. Ndinamva misozi ikubwera, ndipo inali ya mkwiyo, chifukwa ndinkafuna kukawapatsa chinthu chokongola.

Apulofesolo anasendeza phesi lija pa chapulasitiku. Kadontho kaja kanagwera ndendende pa kachitsulo. Anandionetsa mmene kamagwirira ntchito: ukakadina pafupi pano, iko kamatambasuka kukatseka bowo lili kutali kumene chala sichingafike. Ndinakadina, kanatseka, ndinakasiya, kanatseguka. Ndinabwereza mwina kakhumi. Ndiye kuti munthu wina, kudziko limene sindidzafikako, anaganizira anthu a zala zazifupi ndi zokhota, n'kuwapangira chala chowonjezera! Apulofesolo anati mkati mwake anachiumba potengera muyeso wa zamitengo zabwino, ndipo sichiopa chisanu kapena dzuwa. Vuto lake n'lakuti sichimwa chinyontho, ndiye m'mawa wa Junyu chimatsamwa. Mankhwala ake ndi kuika mutu wake m'khwapa kuti ufunde usanayambe kuimba.

Ndinasisita chakuda chija komaliza, ndinachibweza pansalu. Nkhuku ndi nyemba zimene ndinabweretsa analandira atakana kawiri.

Ndinafika kwathu dzuwa litapendeka. Amuna anga anali pakhonde ndi mpini wawo. Ndinalumikiza zidutswa zija mmene ndinaonera, ndinawaikira pamwendo. Anachigogoda ndi chikhadabo, ananong'ona kuti: "Chigubu." Ine ndinati: "Chigubu chomwecho, ikani zala." Anaika. Kachala kokhota kaja kanafufuza, kanapeza kachitsulo, kanadina. Ndinawaona akukayang'ana kachala kawoko ngati n'ka munthu wina.

Anauzira mwamphamvu ngati akuitana ng'ombe kudambo. Chinalira kwiii, nkhuku zinabalalika. Anafuna kuchiika pansi, ine ndinawagwira mkono. Ndinawauza zimene apulofesolo anandipatsira potsanzikana: chitoliro chachikuluchi sichifuna mphamvu, chimafuna mpweya wofunda, wapang'onopang'ono, wonga umene timauzira m'manja kukazizira. Mpweya wotero ndi umene munthuyu anatsala nawo. Anatseka mabowo onse, anapumira mkati mofatsa, ndipo mawu otsika aja anatuluka, anadzaza khonde lonse. Anawagwira mpaka mpweya unatha. Sanandiyang'ane, nanenso ndinayang'ana kumbali.

Masabata otsatira sindinapume. M'mawa munthu akuyenda pabwalo mutu wa chitoliro uli m'khwapa, masana kwiii, madzulo kwiii. Mipini inaiwalika. Koma chimene ankaimba sindinkachimvetsa, mawu ankangoyenda pang'ono, kukwera, kubwerera, osamveka nyimbo. Ndinkati mwina zala zikanaphunzira.

Loweruka lina ndikusankha nyemba pamkeka, anabwera kudzakhala pafupi. Anaimba kanthu kawo kaja, anaima, anandiyang'ana. Anayambiranso, anaima pamalo pomwepo, anandiyang'ananso. Pamenepo m'pamene ndinazindikira. Sankaimba nyimbo yonse ayi. Ankaimba mbali yawo ya tenolo, ya nyimbo imene inawakanika kuwongola tsiku lija, ndipo pamene ankaimapo ndi pamene timalowera ife akazi.

Anayamba kachitatu. Ndinatsegula pakamwa, koma m'malo moimba ndinayamba kulira, misozi ikugwera m'nyemba. Malo anga anadutsa. Anachotsa chitoliro pakamwa, anaweramira kwa ine kuti ndimve bwino, n'kunong'ona kuti:

"Amayi, mwachedwa."