Piritsi la m'mawa la achimwene

Achimwene anga anali telala, ndipo manyazi awo anali aja okwiyitsa. Pofuna kuyeza mayi m'chiuno ankapereka tepi kwa mwini wake, iwo n'kuyang'ana kudenga. Makina awo, aja opalasa ndi phazi, anali pakhonde la sitolo ya nsalu. Phazi lamanjalo ndi limene linatiphunzitsa tonse, kuyambira ine mlongo wawo mpaka ana awo, omwe anawalera okha alamu atamwalira. Chimbudzi chapafupi chinali kuseri kwa msika, koti pobwerako upeza kasitomala wapita kwa telala wina.

Atawapeza ndi bipi, matenda othamanga magazi aja, adokotala, bambo wa imvi ngati iwo omwe, anawafotokozera mmene amachitira pachipatalapo. Mwezi ndi mwezi azipita kwa mayi wopereka mankhwala. Mayiyo aziwapima, aziwapatsa mapiritsi, kenaka aziuza adokotala mmene zilili. Bipi ikakwera awatumiza kwa adokotala, ikakhala bwino palibe chovutikira pamzere. Dongosololi sindingalinyoze ayi, lathandiza ambiri, amuna anga omwe.

Koma piritsi la m'mawa limene anawapatsa linali lotayitsa madzi. Akangomwa, msoko usanathe n'komwe, anyamuka kale ulendo wa kuseri kwa msika. Anzawo apakhonde anayamba kuwaseka kuti telala wapeza chibwenzi kwa ogulitsa tomato. Tsiku lina sanakafike. Anabwera kunyumba dzuwa lili pamutu, atadzikulunga nsalu ya kasitomala m'chiuno. Kuchokera pamenepo piritsilo ankalimwa pokhapokha tsiku lokapimidwa likayandikira, ndipo ife sitinadziwe kanthu.

Mayi wamankhwala uja anali msinkhu wa mwana wawo woyamba, wansangala, wosathamangitsa anthu pawindo. Ulendo uliwonse ankawafunsa ngati mankhwala akuwavuta penapake. Achimwene, chipewa pabondo, ankangoti zonse zili bwino, mwanangu. Nanga za kutaya madzi akanaziyamba bwanji pamaso pa mwana wamkazi? Mumtima ankati adzauza adokotala, mwamuna mnzawo. Koma adokotalawo akanawaona liti, pomwe bipi inkapezeka ili bwino mwezi uliwonse? Mayiyo mpaka ankawaloza kwa odwala ena kuti onani agogowa, mankhwala saphonya. Iwo kusangalala kwake, anamusokera thumba la gawuni yake yoyera pamene linang'ambika.

Zinachitika masana, akusoka yunifolomu ya mwana wasukulu. Phazi linaterereka pachopondera, pakamwa n'kukhota. Atawagoneka m'chipatala, ndikuwatengera zovala kunyumba kwawo, ndinatsegula chitini cha mabatani, n'kupeza mapiritsi mbwee mpaka kukamwa kwa chitinicho. Ndinapsa mtima, sindibisa.

Kuwodi adokotala ndi mayi uja anabwera limodzi, onse osokonezeka, poti munthu wawo wachitsanzo ndi amene wagona apa. Ndinawaikira chitinicho pabedi. Achimwene anakodola adokotala ndi dzanja lomwe linatsala lamoyo, ife akazi tinatuluka kuseri kwa katani. Lilime linali lolemera, koma ndinamva zonse.

"Abale, mukanangonena," anatero adokotala. "Lilipo piritsi lina losatayitsa madzi. Tikanakusinthirani tsiku lomwelo."

Mayi wamankhwala anagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu. Anandiuza kuti ankawafunsa nthawi zonse. Ndinamuyankha kuti ndikudziwa, achimwene anga ndi amenewo.

Masiku ano akuti mayiyo sazungulira. Nkhalamba ikangokhala pampando amaifunsa poyera za kuchimbudzi, ndipo iye ndi adokotala anagwirizana kuti ngakhale amene bipi yawo ili bwino azikaonekera kwa adokotala nthawi ndi nthawi. Amuna anga amabwerako akung'ung'udza kuti mwanayu alibe ulemu. Ine ndimati asiyeni ang'ung'udze akuyenda ndi miyendo yawo.

Achimwene ndinawatenga, ali kwathu. Makina ali pakona, tinawafunditsa nsalu, ndipo anthu amabwerabe kudzafunsa ngati telala ayambiranso. Mapiritsi tsopano saphonya, amachita kundikumbutsa okha. Chimene chimandiwawa ndi ichi: munthu amene analephera kutchula mawu amodzi kwa mwana wamkazi, lero akafuna kutaya madzi amaitana ine, mlongo wawo. Ndimawadzutsa, ndimawamasula lamba, iwo n'kuyang'ana kudenga.